Bakha Woopa Mvula

Mundikhululukire, ana anga, kuti munthu amene sukulu anailekezera sitandade 8 ya kumudzi walimba mtima kugwira cholembera ngati ali ndi zazikulu zoti anene. Ine sindinakhalepo bwana. Moyo wanga wonse wa ntchito unathera m'makola a nkhuku ndi abakha, ndipo zimene ndimadziwa ndi za nthenga, madeya ndi zitosi. Koma mwakhala mukundiseka kuno ku Area 23 kuti mpopi ukauma, ndowa yoyamba ya madzi imene yapezeka ndimakathira m'beseni la abakha, anthufe tisanasukusule n'komwe. Mmodzi wa inu, Tiyanjane, anafika pondifunsa ngati abakhawo ndi abale anga. Ndaganiza zoyankha polemba, popeza mukudziwa kuti pakamwa ndimachita manyazi. Zaka ndiziwerenga kuyambira pamene ndinayamba ntchito, monga timachitira anthu opuma.

Chaka choyamba, mwezi wa Epulo

Amene anakanditenga kumudzi kwathu ku Ntchisi ndi amalume anga, a Kachigamba, mlongo wawo yekhayo wa amayi anga. Iwo anali kapitawo pa famu ya nkhuku ya Mayi Likoswe, kumalire a Tsabango, kumene nyumba za m'tauni zimathera n'kuyamba minda. Ankakhala ku Kawale, ndipo anandipatsa kachipinda ka kuseri, koyandikana ndi khitchini. M'mawa uliwonse tinkayenda wapansi kudutsa ku Kaliyeka, iwo patsogolo, ine pambuyo nditanyamula chikwama chawo, akundiphunzitsa za m'tauni. "Mphwanga, kuno sapatsa moni munthu aliyense, utopa. Ukamva galimoto usathawire kutchire ngati gwape, ungopatuka." Ine ndinkangoti, "Inde amalume." Mawu amenewa ndinawanena kambirimbiri moti antchito anzanga anasiya kunditchula Lameki, anandipatsa dzina loti Indeamalume. Sindinkadandaula. Ndinkafunitsitsa kuti munthu amene anandichotsa pa khasu asadzanong'oneze bondo.

Mayi Likoswe anali namwino wopuma wochokera ku Thyolo, mayi wamfupi wosakonda kubwereza mawu. Tsiku loyamba anandiyang'ana zikhadabo asanandifunse dzina. Atakhutira anati, "A kapitawo, uyu mumupatse abakha." Nkhuku zinali za anthu odziwa ntchito. Watsopano ankayambira ku abakha chifukwa ndi aphokoso, ndipo khola lawo ukalikolopa m'mawa, masana limakhala ngati sunalikhudze. Sanali abakha akumudzi aja a nkhope zofiira, oyenda mwakachetechete m'mabwalo. Awa anali oyera mbee, a milomo yachikasu, amene mayiwo ankagulitsa ku mahotela ndi kwa anthu a Khirisimasi. Anali ndi dziwe lawo la simenti limene ndinkadzaza ndi madzi a pachitsime cha pafamupo.

Kumeneko ndi kumene chidwi changa chinayambira. Ndinaona kuti bakha aliyense akatuluka m'madzi amachita chinthu chimodzimodzi. Amapinda khosi mpaka kumbuyo, n'kulowetsa mlomo pamwamba penipeni pa mchira, n'kukhala ngati akutafuna kanthu. Kenako amayendetsa mlomowo m'nthenga imodziimodzi, za m'mapiko, za pachifuwa, za pamimba. Kumutu kumene mlomo sungafike, amakhuza mutuwo pamchira pomwepo, kenako n'kuupukutira pamsana. Poyamba ndinkati akukanda nsabwe. Koma ndinadzifunsa kuti, nsabwe zanji zokhala malo amodzi pa bakha aliyense? China chinali chakuti ndikawathira madzi pamsana, madziwo ankangogubuduzika ngati mikanda, bakha n'kutsala wouma, pamene ine malaya ali nyowe. Ndinalibe womufunsa, ndipo ngakhale akanakhalapo sindikanayerekeza.

Malo omwewo a pamchira ndinkawaonanso ku Kawale, koma mwa njira ina. Amalume ankadziwika dera lonselo kuti ndi dokotala wa nkhuku. Lamulungu anthu akaweruka ku tchalitchi ankabwera ndi nkhuku zawo zozyolika, ine n'kumazigwira miyendo. Amalume ankapatula nthenga pamwamba pa mchira mpaka kaoneke kansonga kakang'ono konga kabere. Akakafinya, pankatuluka zinthu zachikasu. "Mwaona mafinyawo, mayi? Matenda onse a nkhuku amasonkhana pamenepa." Kenako ankatenga msomali umene unali pa mbaula n'kuwotcha kansongako. Anati anaphunzira kwa bambo awo, bambo awonso kwa bambo awo. Nkhuku zina zinkafa, zina zinkachira, ndipo anthu ankakumbukira zochirazo. Amalume sankalipiritsa. Malipiro awo anali moni wa m'njira, "Mwaswera bwanji adokotala," ndipo ndinkaona mmene mapewa awo ankakwerera akamva zimenezo. Koma ine ndinali ndi funso. Abakha anga anali athanzi, onenepa, koma aliyense anali ndi kansonga komweko, kakakulu kuposa ka nkhuku, kokhala ndi timaubweya kumapeto ngati kaburashi.

Chaka chachiwiri, mwezi wa Juni

M'nyengo yozizira kunabwera alangizi a ziweto, a Mbewe, kudzapereka katemera wa chitopa. Ine ndinawanyamulira bokosi la mankhwala tsiku lonse, funso lili m'mutu, koma ndinkangozengereza. Ndinalankhula iwo atakwera kale njinga yamoto.

"Bwana, pepani. Kansonga ka pamchira pa bakha kaja n'kachiyani?"

Anazimitsa njinga n'kundiyang'ana. "Wandisunga tsiku lonse kuti undifunse pano? Kagwire bakha mmodzi."

Nditabwera naye, anapatula nthenga n'kundigwiritsa chala pansi pa kansongako. Panali potupa pang'ono mbali ziwiri, pofewa. Chala changa chinatuluka chili noninoni.

"Iwe ukasamba umatani kuti usatuwe?"

"Ndimadzola mafuta, bwana, akakhalapo."

"Bakha sapita ku golosale. Botolo lake la mafuta anabadwa nalo, ndi limeneli. Ndi kathumba kamene thupi lake limapangiramo mafuta, kansongako ndi potulukira. Amatapa ndi mlomo n'kudzola nthenga zonse."

Anandifotokozera kuti mafutawo amafewetsa nthenga kuti zisamathetheke, ndipo bakha akamazipesa ndi mlomo zimalumikizana bwino, madzi osapeza polowera kufika pakhungu. Anati amathandizanso kuti tizilombo ndi nkhungu zisamere m'nthenga. Mbalame za m'madzi zili ndi kathumba kakakulu, nkhuku kocheperako. Nkhunda zilibe kwenikweni, zina zilibiretu, m'malo mwake nthenga zawo zimatulutsa kafumbi koyera, n'chifukwa chake ukagwira nkhunda m'manja mumatsala ngati wagwira ufa. Zimenezo ndinkazidziwa kuyambira ndili mwana, koma sindinaganizepo kuti zili ndi chifukwa.

"Nanga kathumbako kamadwala, bwana?"

"Kamatsekeka. Makamaka bakha akasowa madzi osamba, amasiya kudzisamala, fumbi limaumirira pakansongapo. Iwe uzingowapatsa madzi oyera, ntchito yotsalayo amaidziwa okha."

Za msomali wa amalume sindinanene. Zinafika pamlomo, koma ndinaona ngati kuwavula munthu wamkulu pamaso pa mlendo.

Kuyambira tsiku limenelo ndinakhala ngati mwana amene wapatsidwa galasi. Ndinapaka chala cha mafuta aja pa nyuzipepala, pepalalo n'kuonekera ngati pamene pakhala chitumbuwa. Pobwerera kunyumba ndinkayang'ana mbalame iliyonse, akakowa a kudambo, mpheta, ngakhale akhwangwala a pamtaya wa ku msika, ndipo ndinapeza kuti ukadekha, iliyonse imapinda khosi n'kukatapa kumbuyo. Tsiku lina ndinatola nthenga ziwiri za bakha, ina ndinaichapa ndi sopo, ina ndinaisiya, ndiye n'kumaziviika m'kapu kuseri kwa khola. Yochapayo inanyowa n'kulendewera ngati chingwe. Inayo inatuluka youma.

"Achimwene, ufitiwo mwayamba masanasana?"

Anali mtsikana wina wa ku Chipasula amene ankabwera masiku ophera mbalame kudzasosola nthenga. Dzina lake Esinati. Makolo ake anachokera ku Chiradzulu kudzafuna ntchito m'tauni muno. Ndi amayi anuwa. Ndinachita manyazi, koma ndinafotokoza zonse mwachibwibwi. Iye anamvetsera atagwira m'chiuno.

"Ndiye zimenezo? Ife timakadula n'kutaya, ukaphikira limodzi ndiwo zimamveka kafungo. Bwerani muone m'kati mwake, mwina mugona tulo."

Anatenga mpeni, n'kudula kathumba ka bakha amene ankakonza, n'kukang'amba. Munali tizigawo tiwiri tonga nyemba, todzaza mafuta achikasu, onunkhira mwa mtundu wake. Si mafinya ayi. Mafinya ndinkawadziwa. Ndinayang'anitsitsa nthawi yaitali mpaka iye anati, "Mukafuna ndikukulungireni mukaike pansi pa pilo." Anthu ena amakopana ndi mabisiketi. Ine amayi anu ankandisungira timatumba ta pamchira m'tsamba la nthochi, ta nkhuku, ta bakha, tsiku lina ka nkhanga, kuti ndiyerekeze kukula kwake. Chaka chisanathe ndinakagwada kwa amalume n'kuwauza kuti ndapeza mbeta. Anakondwa kwambiri. Anavala jekete lawo la ku tchalitchi n'kupita ku Chipasula kukaonana ndi a Matiki, amalume ake a Esinati, ndipo anagwirizana kuti chinkhoswe chidzachitike m'Disembala wa chaka chotsatira. Kwathu mnyamata sadzilankhulira yekha pa ukwati. Nkhoswe wanga anali a Kachigamba, ndipo panalibe wina.

Chaka chachitatu, Okutobala ndi Novembala

Chaka chimenecho kunatentha modetsa nkhawa. Chitsime cha pafamu chinatsika mpaka ndowa inkabwera ndi matope. Mayi Likoswe analamula kuti madzi opezekawo akhale akumwa okha, dziwe la abakha liyambe laima. Posakhalitsa anaitanidwa ku Thyolo kukadwazika amayi awo, famu yonse n'kuisiya m'manja mwa amalume. Abakha anga oyera aja anasanduka otuwa. Ankangokhala pa simenti youma atayasama, fumbi ndi zitosi zitamatirira m'nthenga. Ndinaona kuti kupinda khosi kuja kwachepa, ena anasiyiratu. Ndinkawawaza ndi madzi otsala m'zomwera, koma zinali ngati kulavulira pa moto.

Mvula yoyamba inagwa masana ena m'Novembala, yamphamvu, yamphepo. Abakha anathamangira panja akukuwa ndi chimwemwe, ine n'kumaseka nawo. Kuseka kunatha msanga. Madzi sanagubuduzike. Analowa. Pasanapite nthawi abakha anali ngati nsanza zoviikidwa, nthenga zitamatirira pathupi, akunjenjemera. Ndinawalowetsa m'khola n'kuwapukuta ndi masaka, koma kutacha ena anali atafa ndi chisanu.

M'mawa umenewo ndinatenga wilibala n'kupita kudambo, poganiza kuti tsopano mumtsinje mwalowa madzi. Pobwerera ndinamva fungo la nthenga zopsa ndisanafike pachipata. Amalume anali atayatsa mbaula pafupi ndi khola, misomali ili pamoto, antchito awiri akuwagwirira abakha. Angapo anali atawotchedwa kale, ali pakona. Atandiona anandikodola mokondwa, n'kundionetsa pamchira pa bakha amene anali m'manja. Kansonga kanali katauma ndi litsiro lolimba, pansi pake patatupa.

"Waona, mphwanga? Matenda ali poyera. Tulutsa onse, tithane nawo dzuwa lisanakwere."

Ndinatula wilibala. Ndinayenda mpaka pakhomo la khola, n'kutseka chitseko, n'kuima pamenepo. Ndinaganiza za kachipinda ka ku Kawale, za amayi kumudzi, za Disembala amene anali pafupi. Ndinaganizanso za tinyemba tiwiri tachikasu tija m'tsamba la nthochi. Kenako ndinamva pakamwa panga pakutuluka mawu amene anali asanatulukepo.

"Ayi amalume."

Antchito aja anasiya zimene ankachita. Wina wachikulire, a Jere, ananong'ona momveka kuti, "Indeamalume watisiya, maliro mawa." Palibe anaseka.

"Wati chiyani?"

"Ndati ayi, amalume. Pepani. Kathumbako si matenda, ndi mafuta awo. Katsekeka chifukwa sanasambe. Mukakawotcha ndiye kuti mwawavula jasi mpaka kalekale. Ndiloleni ndiwasambitse kaye."

"Ine ndinayamba kugwira nkhuku amayi ako akusewera masanje."

"Ndikudziwa, amalume."

"Ukudziwa, ndiye choka pakhomopo."

Sindinachoke. Ndinali wowonda ngati bango, akanatha kundikankha ndi dzanja limodzi. Sanatero. Anatenga ndowa n'kuthira madzi pa mbaula, utsi n'kuti tolo. Analankhula motsitsa, ndipo kutsitsako n'kumene kunandiopsa.

"Abakha ndi ako. Madamu akabwera udzayankha wekha. Ndipo poti wakula, madzulo ano ukatenge mphasa yako ku Kawale. Ku Chipasula upeze wina wokakulankhulira, wodziwa za mafuta."

A Jere omwe aja ndi amene anandisunga ku Kaliyeka mpaka ndinapeza kachipinda kanga. Ntchito inali yambiri moti ndinalibe nthawi yolira. Ndinadula dilamu pakati kuti likhale mabafa awiri, n'kumatunga madzi kudambo ndi wilibala. Bakha aliyense ndinkamuika pamwendo, n'kumanyowetsa pakansonga ndi kansalu ka madzi ofunda mpaka litsiro lifewe n'kuchoka. Ndinkawalola kusamba pang'ono dzuwa likawala, kenako n'kuwaumitsa pa udzu wouma, mitambo ikada n'kuwatsekera. Ndinkawathyolera chisoso ndi bonongwe. Masiku oyamba ankangotuluka m'dilamu ali chinyowere, n'kuima ngati asokonezeka, ine mtima uli m'mwamba kuti mwina ndataya zonse pachabe. Kenako m'mawa wina bakha wamkazi wina anakupiza mapiko, n'kupinda khosi, n'kulowetsa mlomo pamchira. Anatafuna, n'kuyamba kupesa phiko. Mnzake anaona n'kuchita chimodzimodzi. Ndinakhala pansi m'matope momwemo n'kumawaonerera ngati kanema. Kuchira kwenikweni kunatenga nthawi, ena mpaka anachita kumera nthenga zatsopano, koma sipanafenso wina mwa osawotchedwawo.

Mayi Likoswe atabwera anatiitana tonse awiri. Ine ndinanena zimene ndinachita, amalume ananena zimene anachita, osabisa kanthu, chifukwa sanali munthu wabodza. Mayiwo anavala magalasi n'kuyang'ana abakha a mbali zonse ziwiri. Owotchedwa aja ena anali atafa ndi zilonda, otsalawo anali onyankhalala.

"A kapitawo, maso anu anaona bwino, timatumbati tinatsekekadi," anatero. "Ngakhale munthu ali nato timatumba ta mafuta, osati kamodzi ngati mbalame, koma pakhungu ponse, patsinde pa tsitsi ndi ubweya. Tikatsekeka ndi ziphuphu zija za achinyamata. Koma kuchipatala sitinkawotcha nkhope ya mwana ndi msomali. Mlanduwu woyamba ndi wanga, ndine ndinaumitsa dziwe. Bwererani ku ntchito."

Palibe anachotsedwa. Mayiwo anati owotchedwa otsalawo aphedwe, koma amalume anapempha mmodzi, kamsoti, kuti apite nako kwawo. "Aka kachira, muona," anatero, osayang'ana kumene ndinali.

Chaka chachinayi

Disembala uja anadutsa popanda chinkhoswe. A Matiki ananena mosapsatira kuti mnyamata wopanda mwini sangamupatse mwana wawo, chifukwa mawa banja likavuta adzakagogoda pakhomo la yani. Amayi anatumiza mawu kuchokera ku Ntchisi kuti amalume ako ndi amodzi padziko, kapepese. Ndinagula tambala n'kupita naye ku Kawale Loweruka lina, n'kugwada pakhonde.

"Ukupepesa chiyani?" anafunsa amalume.

"Ndinakuyankhani pagulu, pamaso pa antchito anu. Sizinali zoyenera."

"Chabwino. Nanga kansonga kaja, ndi matenda kapena si matenda?"

Ndinadziwa kuti mawu amodzi okha akanandibwezera chilichonse, chipinda, nkhoswe, mkazi. Mawu ake ndi aja ndinawazolowera moyo wanga wonse. Ndinayang'ana pansi, ndipo pafupi ndi phazi langa panali mbaula ija, msomali uli pambali pake.

"Si matenda, amalume."

"Nyamula tambala wako."

Esinati atamva anandiyang'ana ngati ndapenga. "Inu a Lameki, simukanangovomera? Abakhawo akanamva kuti mwawanamizira?"

"Ndinayesa. Lilime linakana."

"Lilime lanulo linasankha nthawi yolakwika yophunzirira kukana." Kenako anati, "Tamverani. Kuli telala wina wa ku Biwi amene watuma anthu kwa amalume anga, ndipo ali ndi ankhoswe ake okwanira. Ine ndawauza kuti ndidikira mpaka chaka chino chithe. Chikatha, sindidzakhalanso ndi mawu owakanizira."

Chaka chimenecho chinali chachitali. Kuntchito amalume ankandilamula kudzera mwa ena, "Muuzeni wa abakhayo akatenge madeya," ine ndili pomwepo. Koma ndinayamba kuona chinthu china. Nthawi ya nkhomaliro, anzathu akapita pansi pa mtengo, iwo ankaima patali ndi dziwe, manja kumbuyo, kuyang'ana abakha akudzola mafuta. Ndikatulukira ankayamba kuyang'ana waya wa mpanda ngati wawonongeka. Mvula itayambanso ndinakumana ndi akazi awo, a Naphiri, pamsika wa ku Kawale. Anandikokera pambali.

"Mwanawe, bakha uja watisandutsa choseketsa. Chilonda chinapola kalekale, akudya bwino, koma nthenga zake zili ngati tsache lakutha. Kukangoti waa, amalume ako amasiya chakudya n'kuthamanga kukamulowetsa m'khitchini. Akugona pafupi ndi moto ngati mphaka. Ndikati tiphe tidye, akuti ayi, sanamalize kumuona."

Ndinafunsa ngati amanditchula. Anati ayi.

Tsiku la Khirisimasi mvula inayamba m'mamawa. Nditabwera ku tchalitchi ndinakhala m'kachipinda kanga ku Kaliyeka, chitseko chili chotsegula, ndikuyang'ana madzi akutsika padenga. Chaka chinali chitatsala pang'ono kutha, ndipo ndinali nditayamba kudzikonzekeretsa kuti ndidzamve za ukwati wa telala. Kenako ndinamva anthu akuseka m'makonde a nyumba zoyandikana. Nditasuzumira ndinaona bambo wina akubwera m'kanjira ka matope, atavala jekete la ku tchalitchi, atakwapatira bakha m'khwapa. Ambulera anaipendeketsa yonse kumbali ya bakhayo, iye mwini madzi akutsika m'khosi. Mayi wina anafuula kuti, "Abambo, bakhatu ndi wa m'madzi ameneyo." Bamboyo sanatembenuke. Anali amalume.

Anaima pakhomo osalowa. "Vala jekete. Anthu a ku Chipasula tawadikiritsa chaka, sitingapiteko chimanjamanja."

Ndinayang'ana bakhayo. Nthenga zake zinali zothetheka, zosawala, zoyang'ana uku ndi uku.

"Ndamusunga chaka chathunthu," anatero amalume, "kudikira tsiku limene madzi adzagubuduzike pamsana pake. M'mawa uliwonse amapinda khosi, amafufuza pamchira, amapesa nthenga ndi mlomo wouma. Sanasiye ngakhale tsiku limodzi. Amayesa kuti mwina lero mubwera kanthu." Anamusisita bakhayo pamsana. "Jasi lake ndinamuvula ndine. Gwira ambulerayi, umufunditse iyeyu. Ine ndanyowa kale."

"Inde amalume."

Anandiyang'ana cham'mbali, pakamwa pakugwedera ngati akufuna kuseka. "Ameneyo ndiye ndimamudziwa. Koma mnzake uja wa ayi usamutaye. Anthu a pabanja amafunika onse awiri."

Tinayenda mpaka ku Chipasula, iwo atanyamula bakha, ine nditagwira ambulera pamwamba pa bakhayo, tonse awiri tikunyowa, ndipo ndinazindikira tili pakati pa ulendo kuti tikuyenda mofanana, palibe wotsogola. A Matiki atationa anaiwala ulemu wa ankhoswe n'kufunsa kuti kodi mwa atatufe wodzafunsira mbeta ndi uti, popeza wouma ndi mmodzi yekha. Amalume anagwada ndi jekete lawo lonyowalo n'kupepesa chifukwa cha kuchedwa, n'kunena kuti mnyamatayu ali ndi mwini, mwini wake ndi iwo. Kukhitchini ndinamva wina akuseka, kuseka kumene ndinkakudziwa.

Bakhayo sanadyedwe. Amayi anu anakana, anati mboni ya ukwati saiphika. Tinakhala naye m'nyumba yathu yoyamba mpaka anakalamba, ndipo mitambo ikada, amene ali pafupi ankathamanga kukamulowetsa. Pambuyo pake ndinagwira ntchito m'makola akuluakulu a mbali ya ku Area 25 mpaka kupuma, m'manja mwanga munadutsa mbalame zosawerengeka, koma mpaka lero bakha akapinda khosi ndimaima n'kuyang'ana. Anthu a ku Kawale anapitiriza kuwatchula amalume kuti adokotala mpaka tsiku limene tinawaika, koma wobwera ndi nkhuku yodwala ankamufunsa za madzi, za chakudya ndi za katemera. Msomali uja sunabwererenso pamoto. Ndiye mukadzaona ndikuthira ndowa yoyamba m'beseni, musamati nkhalamba yasokonezeka. Nkhani imene inayambira pakhomo la khola ku Tsabango inathera pa mkeka wa a Matiki ku Chipasula, masana a pa 25 Disembala, chaka chachinayi cha ntchito yanga, mvula isanakate.